Mtsinje Umene Unawathawa a Bauleni

Mwezi wathawu tinamanga chiliza cha a Bauleni, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Amisiri anali atayamba kale kukanda simenti ndi madzi a pamjigo pamene malume anga, a Sikelo, anatulukira akutsimphina ndi ndodo yawo. Anafunsa kumene madziwo atungidwa. Atamva, analamula kuti ndowa zonse zikhuthulidwe, tikatunge ena ku Kansenjere. Kuchokera kumanda kukafika kumtsinje ndi kamtunda ndithu, choncho amayi tinanyamuka tikung'ung'udza. Mmisiri wamkulu anayesa kufotokoza kuti simenti sidziwa kusiyanitsa madzi.

"Simentiyo sidziwa," anatero malume, "koma amene agona pansipo amadziwa. Mukufuna azidzandivutitsa ine kumaloto?"

Tinaseka chobisa, chifukwa anthu awiriwa anakangana zaka zoposa makumi anayi osapumula, ndipo mkangano wawo wonse unali wa mtsinje womwewo.

A Bauleni anali amuna awo a mayi anga aakulu, aNangozo, motero ine ndinkawatchula kuti bambo aakulu. A Sikelo ndi mlongo wawo wa aNangozo ndi mayi anga, ndiwonso mwini mbumba yathu. Pamudzi pathu a Bauleni anali mkamwini. Kwawo kunali kumtunda, cha ku Biriwiri, ndipo anabwera kudzakwatira atangobwerako ku Joni kumene anagwira ntchito m'migodi. Ku Joniko anabwerako ndi zinthu ziwiri zimene anafa nazo: chikondi cha majombo a mphira, ndi chisoti cholimba cha kumgodi. Majombo ankavala ngakhale kutchalitchi. Chisoticho chinali kapu yawo, dengu lawo la tomato, nthawi zina mpando. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, woti akamapereka moni kudimba nkhuku za kumudzi zinkadzidzimuka.

M'mawa uliwonse ankatsikira kumtsinje, n'kutunga madzi ndi chisoti chija, n'kulawa pang'onopang'ono maso ali kumwamba. Akatero ankatiuza nkhani za kumtunda: kuti dzulo mvula yagwa ku Biriwiri, kuti wina wachapa ndi sopo wotchipa, kuti ng'ombe zawoloka pamathithi. Palibe ankakwera phiri kukatsimikiza, choncho nthawi zonse ankakhoza. Tsiku lina analengeza kuti madzi akoma monga ankakomera iwo ali mwana. Masana ake tinapeza mbuzi yakufa itakodwa m'bango pamtunda pang'ono, itatupa kale. A Bauleni sanachite manyazi. Anangoti mbuzi za kwawo zimadya udzu waukhondo.

Kufunsa a Bauleni njira kunali kudziputira. Ukati ukufuna kukafika kuchigayo, iwo ankayambira kumutu kwa mtsinje. Ankati Kansenjere amabadwira pakasupe amene ali pansi pa mtengo wa katope, kuseri kwa nyumba ya mayi awo, ali wamng'ono woti nkhuku imawoloka osanyowa nthenga. Amatsika pakati pa minda ya kachewere mpaka Pamatsiriro, pamene amakumana ndi kamtsinje kena kotchedwa Kamfiira. Kamfiirayo amachokera tsidya la msewu wa tara, ku Mozambique, n'kudutsa pansi pa msewu, ndipo a Bauleni ankamunyoza kuti ndi wantchito chabe, wonyamula matope. Kuchoka apo Kansenjere amagwa pamathithi, amapumula pa Dziwe la Nkhanu, kenako amafika kwathu n'kukhota kwambiri, malo amene timawatcha Chigongono. Kumunsi kuchigwa alimi a mpunga amamugawana m'ngalande, ndipo kotsalako kamalowa mu Livulezi. Pamenepa a Bauleni ankatsitsa mawu, n'kunena kuti amalowamo ngati mkamwini, mwakachetechete, dzina n'kutayikira pomwepo. Pofika apo chigayo chimakhala chitatsekedwa.

Ankakonda kunena kuti akamwini ena anasiya kwawo, koma iwo kwawo kunawatsatira. Madzi amene adutsa pakhomo pa mayi awo dzulo ndiwo akuthirira kabichi wawo lero, nanga kusowa kwawo kubwere bwanji? Chaka chilichonse mvula ikatha ankanyamuka m'bandakucha, chimanga chowotcha m'thumba, ati kukayendera mtsinje mpaka kumutu. Ankabwerako tsiku lotsatira ndi uthenga womwewo: kasupe ali bwino, katope ali bwino, abale akupereka moni. Maso ankakhala ali psuu, koma ankati ndi mphepo yozizira ya ku Biriwiri.

Nkhani ya dimba inayamba ine ndisanabadwe. Agogo, mayi a aNangozo, anagawa malo a m'mbali mwa mtsinje ndi mawu ochepa: tsidya lino ndi la mkamwini, tsidya ilo ndi la Sikelo, malire ndi Kansenjere. Dimba la a Bauleni linali mkati mwa Chigongono, madzi atalizungulira mbali zitatu. Tsono mtsinje ukamakhota umadya gombe lakunja n'kumataya dothi kugombe lamkati. Chaka ndi chaka unkagumula munda wa a Sikelo n'kumawonjezera wa a Bauleni, ndipo chaka ndi chaka a Bauleni ankawonjezera bedi limodzi la kabichi. Malume akadandaula, ankayankhidwa kuti mtsinje sulandira chiphuphu, sumwa mowa, ulibe m'bale, ndipo wokangana ndi malire akakangane ndi Mulungu amene anawaika. Chimene chinkawapweteka kwambiri malume n'chakuti kabichi woyamba wa pabedi latsopano a Bauleni ankamuwolotsa okha n'kukawapatsa ndi manja awiri, ati alaweko dothi lawo.

Mayi aakulu aNangozo atamwalira, zinthu zinasintha mosaoneka. Ana aamuna anali atakwatira kutali, wamkazi ali ku Lilongwe. Mwambo wathu ndi wodziwika: mkazi akamwalira, maliro akatha, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Woyenera kunena mawuwo anali a Sikelo. Sanawanene, komanso sanawataye. Anangowasunga m'tsaya ngati fodya. Chimene chinkawaimika a Bauleni pamudzi chinali dimba lija, poti tonse tinkadya kabichi wawo, ndipo munthu sathamangitsa amene akumudyetsa ndiwo.

Chaka chotsatira, mu Febuluwale, mvula inagwa masiku anayi osalekeza. Itakata, tinatsikira kumadimba n'kupeza kuti Kansenjere watopa ndi kuzungulira. Anali ataboola pakhosi pa Chigongono n'kudzikumbira njira yowongoka. Njira yakale inatsala mchenga wokhawokha. Dimba lonse la a Bauleni, kabichi, anyezi, nthochi ndi mwala umene ankakhalapo, zonse zinapezeka zili tsidya la a Sikelo.

Malume anabwera kudimba tsiku limenelo atavala jekete ya kutchalitchi.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero, akuyendayenda pakati pa mabedi manja ali kumbuyo. "Kabichi wangayu mwamusamala bwino."

"Musayambe zimenezo, alamu."

"Ine sindikuyamba kanthu. Paja munkati mtsinje sulandira chiyani?"

A Bauleni anayankha kuti madzi saiwala khwawa, abwerera. Anadikira masabata awiri atakhala pamwala wawo, madzi osabwerera. Anadzaza matumba ndi mchenga n'kutseka njira yatsopano. Mvula yotsatira inakokolola onse, ndipo tinamva kuti alimi a mpunga kuchigwa anawatola n'kuyamika. Ndipamene a Bauleni anabwera ndi nzeru ina. Anati madzi a Kansenjere ndi a Kamfiira sasakanikirana, amangoyendera limodzi ngati anthu opita kumsika. Amene waboola njira yatsopano ndi Kamfiira, wopanda mwamboyo. Kansenjere weniweni akadali m'khwawa lakale, wangolowa pansi pa mchenga. Anakumba kachitsime m'khwawamo, madzi n'kutulukadi, ndipo anatiuza kuti tilawe tokha.

Malume anati kulawa si umboni. A Bauleni, mkamwa mutatentha, anati ndiye akathira gaga pakasupe kwawo, tione kumene atulukire. Akatulukira m'chitsime, malire ndi khwawa lakale. Akatulukira m'njira yatsopano, dimba ndi la a Sikelo.

"Chabwino," anatero malume. "Koma ndipita nawo, ndikaone ndi maso anga gagayo akuthiridwa. Ndipo akatulukira kwanga, inu mukatsale konko. Paja mumati kwanu kuli bwino."

Mawu aja anali atatuluka m'tsaya. Aliyense amene analipo anamva kuti iyi sinalinso nkhani ya kabichi. Ine ndinkadziwa kuti gaga sangadutse mumchenga, ndipo ndikhulupirira kuti a Bauleni nawonso ankadziwa, koma munthu wamkulu akalumbira pagulu sabweza.

Anandisankha kukhala mboni chifukwa aliyense wa iwo ankaganiza kuti ndili mbali yake. Ndinasenza thumba la gaga. Akazi a malume anatsala pa njira yatsopano ndi lichero, amuna anga pachitsime ndi sefa, kudikira gaga. Tinanyamuka dzuwa likutuluka. Mpaka pa Dziwe la Nkhanu a Bauleni anali patsogolo, akutchula dzina la mwala uliwonse ndi mtengo uliwonse. Pamathithi anatiuza za mlaliki amene anaterereka pamenepo baibulo lili m'manja, baibulo osanyowa. Koma tikuyandikira Pamatsiriro nkhani zinayamba kuchepa. Anati tidzere kanjira kena ka m'tchire, n'kachidule. Malume anakana, ati anabwera kudzatsata mtsinje, osati tchire.

Pamatsiriro panali kanyumba kofolera udzu, utsi ukufuka kuseri, ndi fungo loti ngakhale mwana angadziwe kuti pakutchezedwa kachasu. Mayi wina wachikulire, aNasibeko, anatuluka akupukuta manja.

"A Bauleni, chaka chino mwafulumira. Mpando wanu uwo, mphasa yanu ndiyanika pompano. Alendowa nawonso agona?"

"Tikungodutsa, mayi. Tikupita kumtunda, kwathu."

"Kumtunda? Inu?" ANasibeko anaseka mpaka kugwira chitseko. "Zaka zonsezi mumafikira pano n'kubwerera pano. Kumtunda mwayamba liti?"

Malume anangoyang'ana a Bauleni, n'kuyang'ana mphasa, n'kufunsa mwaulemu ngati mphepo ya ku Biriwiri imagulitsidwa pabotolo kapena pakapu.

Ine ndinkayang'ana madzi. Kamfiira, wantchito uja, ankabwera wodzaza, akukokoma. Mbali ya Kansenjere kunali bango ndi timadzi tongoima, totsala ndi mvula. Ndinaona kuti a Bauleni akuyang'ana komweko mwakuba, ndipo ndinazindikira chimene chinkawaimitsa pa aNasibeko zaka zonsezo. Sunali mowa wokha. Anaona mbali ya kwawo ikuchepa chaka ndi chaka, n'kuchita mantha kukaona kumutu. Mvula yaikulu ija ndiyo inawapatsa chiyembekezo choti mwina kasupe wadzuka.

Tinakwera. Timadzi tija tinasanduka zithaphwi, zithaphwi zinasanduka matope, matope anasanduka dothi louma. Kenako khwawa lenilenilo linatha, mizere ya kachewere itadutsa pamwamba pake. Tinayenda m'munda wa eni mpaka a Bauleni anaima pa chitsa chachikulu chakuda, chopserera. Ameneyo ndiye anali katope. Nyumba panalibe, kupatula milu ya dothi pamene panamera nsatsi. Bambo wina amene ankapalira chapafupi anatiuza kuti anthu a pamenepo anasamukira kumsewu kalekale, ena ku Lizulu kukachita malonda, ndipo mtengowo unawotchera njerwa. A Bauleni anatchula dzina la mayi awo, la malume awo, la mlongo wawo. Bamboyo anapukusa mutu katatu, n'kupepesa.

A Bauleni anakhala pachitsa n'kuvula chisoti. Aka kanali koyamba kuti ndiwaone atachivula popanda choti atunge kapena kunyamula, dazi loyera ngati la khanda lili pamtetete. Ndinatula gaga pansi, poti panalibe pomuthira. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawakwiyira malume, ngakhale kuti iwo sanaumitse kasupe. Mlandu anali atapambana kotheratu. Chotsala chinali kungonena kuti tsalani bwino.

Malume anatulutsa fodya, n'kununkhiza, n'kuyetsemula. Anayang'ana milu ya dothi ija nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa bambo wa kachewere uja.

"Pepani bambo, madzi amene akudzaza mtsinje kumunsiku akuchokera kuti?"

"Ndi Kamfiira ameneyo. Amachokera m'dambo la tsidya la msewu."

"Ku Mozambique?"

"Eya, kungowoloka msewu basi."

"Onse?"

"Onse. Kuno kulibe dontho."

Malume anagogoda pansi ndi ndodo. "Wamva, Naphiri? Iwe ndiwe mboni. Mayi anga anati malire ndi Kansenjere. Sananene za madzi obwera, olowa m'dziko mopanda chiphaso. Ine munda wopatsidwa ndi mlendo sindiufuna, mawa adzaufunanso. Malire ndi khwawa lakale, pamene Kansenjere ankadutsa asanafe. Tiyeni alamu, dzukani, kabichi uja akufota."

Ndinayembekezera kuti a Bauleni athokoza. Anavala chisoti chawo pang'onopang'ono, n'kuimirira, n'kusasa thalauza.

"Kansenjere sanafe," anatero. "Walowa pansi. Akutulukira m'chitsime changa."

"Wafa, alamu. Mwakhala pamanda ake pomwepa."

"Munthu amene sanalowepo mumgodi angadziwe chiyani za pansi pa nthaka?"

Anakangana njira yonse yotsika. Za malire anali atagwirizana, koma pa chifukwa chake sanagwirizane mpaka imfa. Gaga tinamusiya kwa aNasibeko, amene anamulandira mokondwa n'kuwathirira madala awiriwo kapu imodzi imodzi, kenako ina. Tinafika kumudzi dzuwa likulowa, n'kupeza akazi a malume akadali m'madzi ndi lichero, miyendo itachita dzanzi, ndipo amuna anga akusefabe chitsime. Mpaka lero nkhani ya gaga m'nyumba mwanga sitiitchula.

A Bauleni anakhalanso zaka zisanu ndi zinayi. Kudimba ankapita chowoloka njira yatsopano ija, ndipo powoloka sankaiyankhula, sankailawa. Ankalawa za m'chitsime zokha, n'kumatiuzabe nkhani za kumtunda ngati kale. Ulendo wa chaka ndi chaka sanausiye, kungoti tsopano ankapita awiri ndi malume, ndipo palibe ankanamizira mphepo. Tsiku lililonse madalawo ankakumana pakhwawa louma, wina tsidya lino wina tsidya ilo, malo oti mwana angalumphe, n'kumakuwirana ngati pali chigumula pakati. Kabichi woyamba ankaperekedwabe ndi manja awiri, ndipo malume ankamulandira akunena kuti wakula ndi madzi a ku Mozambique.

A Bauleni anadwala sabata imodzi yokha, nthawi yozizira. Tsiku lomaliza anapempha madzi a m'chitsime chawo. Ndinakatunga ndi chisoti chija. Ananyowetsa milomo, n'kuyang'ana kudenga monga mwa masiku onse, n'kunena kuti kwawo kuli bwino. Pokonza maliro, ena anafunsa ngati sitiyenera kutumiza uthenga kwawo kuti adzatenge thupi, monga timachitira ndi akamwini. Malume anati kwawoko anakuona ndi maso awo, adzukulu akumbe pafupi ndi aNangozo. Atatero analowa m'nyumba, ndipo sanatuluke mpaka nyimbo zitayamba.

Tsiku la chiliza, titatula ndowa zomaliza, ndinabwerera ndekha ku Chigongono. Dimba silinalimidwe chaka chino. Mabedi akuonekabe, koma mwamera chisoso ndi bonongwe, ndipo nthochi zagwa zokha popanda wodula. Mwala uja ulipo, wosalala pamene ankakhala. Chisoti anachikoleka pamtengo wa mpanda, ndipo mavu amangamo. Khwawa lakale likanakhala litatsekeka kale ndi nsenjere, munda wa malume n'kulumikizana ndi dimbalo, monga adzukulu awo amafunira. Koma ndi lolambulidwa bwino kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ndipo mzere womaliza wa malume umathera m'mphepete mwake ndendende, osapitirira ndi phazi limodzi.

Kachitsime kaja nakonso n'kofukulidwa. Amene amalima pafupi akuti malume amabwera m'mawa uliwonse ndi ndodo yawo, amagwada movutikira, amachotsa mchenga ndi manja, n'kutapa madzi kulawa. Akatero amalavula, n'kunena mokweza, atayang'ana kumwala, kuti ndi a ku Mozambique. Kenako amadikira pang'ono. Pamwalapo pamakhala buluzi yekha akuwothera dzuwa, ndipo kuseri kwa nthochi madzi amangopita m'njira yawo yatsopano.